Ramps sakumera kapena akutha: mmene mungapezere pamene palakwika

Ramps ndi adyo wakutchire wa m'nkhalango za kum'mawa kwa North America, kuyambira ku Quebec ndi Nova Scotia, kutsika ndi mapiri a Appalachia mpaka kumpoto kwa Georgia, ndiponso chakumadzulo mpaka ku Minnesota. Akatswiri a zomera amati Allium tricoccum, a ku Quebec amati ail des bois. Fungo lake lili pakati pa adyo ndi anyezi, koma khalidwe lake si la anyezi wa kudimba. Madandaulo amene amabwera chaka ndi chaka ndi omwewo: njere sizinamere, mitu yaola, masamba afota msanga, pamalo pamene kale pankadzaza dengu pangotsala apa ndi apo. Ambiri mwa mavutowa amayamba chifukwa munthu akuwerenga masiku ngati ali kudimba, pamene mbewuyi imatsata nthawi ya mitengo imene ili pamwamba pake.

Nthawiyo imayenda chonchi. Masamba amatuluka chisanu chikangotha, kumapeto kwa Marichi kumapiri a kumwera, mu Epulo kapena Meyi kumpoto, mitengo isanaphukire. Kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi okha, dzuwa likufika pansi, masambawo amapanga chakudya cha chaka chonse n'kuchisunga m'mutu. Mitengo ikatseka kumwamba, masamba amasanduka achikasu n'kuuma. Mu Juni kapena Julayi pamatuluka kaphesi kopanda tsamba, kokhala ndi timaluwa toyera pamwamba. Njere zimakhwima kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Okutobala: zakuda bii, zonyezimira, zazikulu ngati njere ya mapira. Musanafufuze matenda kapena kugula mankhwala, yerekezani zimene mukuonazo ndi nthawi imeneyi.

Mwafesa njere, chaka chatha, palibe chatuluka

Musalime pamalopo. Anthu ambiri amawononga mbewu yawo pompa, akuganiza kuti njere zinafa, pamene zili pansi zikudikira.

Njere ya ramps imagona tulo tiwiri. Kuti muzu utuluke, imafuna miyezi ingapo ya kufunda ndi chinyontho. Muzu ukatuluka, tsamba silibwera mpaka njereyo itadutsa m'miyezi ya kuzizira koopsa. Dongosolo lake silisinthika: kufunda kaye, kenako kuzizira. Mukafesa kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, dothi likadali lofunda, muzu ukhoza kutuluka chisanu chisanafike ndipo tsamba mudzaliona chaka chotsatira. Mukafesa mu Novembala, kapena mu Epulo, njere iyenera kudikira nyengo yotentha yathunthu, kenako chisanu china. N'chifukwa chake kumera kumatenga miyezi 6 mpaka 18, ndipo njere za m'thumba limodzi sizimerera pamodzi.

Kuti mudziwe ngati zili moyo, fukulani pang'onopang'ono ndi zala pakona imodzi, malo aakulu ngati chikhatho. Njere yolimba, yosaphwanyika mukaifinya, ikadali ndi moyo. Ina mudzaipeza ili ndi kamuzu koyera ngati ulusi: ikwirireni msanga. Yofewa, yotuluka madzi, kapena khoko lopanda kanthu, ndiye kuti inaola kapena inadyedwa.

Zimathekanso kuti zinamera koma simunazizindikire. Chaka choyamba ramps amatulutsa katsamba kamodzi kowonda ngati udzu, kotalika ngati chala, ndipo kamatha pakangopita masabata ochepa. Amene akuyembekeza tsamba lotambalala la pamsika amapalira mbewu yake yomwe. Khomani zikhomo m'makona a malowo, lembani tsiku lofesera, ndipo musazule kanthu kooneka ngati udzu musanakanunkhize.

Ngati njere zinafadi, kawirikawiri n'chifukwa cha kuuma. Njere yokhala nthawi yaitali m'kapepala pashelefu imachepa mphamvu, ndipo imene yatulutsa kale muzu ikauma kamodzi kokha, basi yapita. Kafesedwe kodalirika ndi aka: salazani masamba ouma kumbali, kandani dothi pang'ono ndi reki, wazani njere zatsopano motalikirana masentimita 8 mpaka 10, zipondereni ndi dzanja kuti zigwirane ndi dothi, kenako bwezerani masamba aja mochindikala masentimita 3 mpaka 5. Masamba a mitengo ya m'nkhalangomo ndiwo abwino. Makungwa ogaya ogulitsidwa m'matumba sachita bwino pa mbewuyi. Kumene kuli nkhukundembo zakutchire, zimene zimapalasa pansi ngati nkhuku za pakhomo, yalani waya wa khola la nkhuku pamwamba n'kumupanikiza ndi miyala. Wayayo amathandizanso kuti mphepo isaulutse masamba, koma muchotseni Marichi asanafike.

Ena amafuna kufulumizitsa poika njere m'kathumba ka pulasitiki ka mchenga wonyowa, m'nyumba mofunda kwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka mizu ioneke, kenako mufiriji kwa miyezi itatu. Zimatheka, koma nkhungu imavuta, ndipo timizu timathyoka podzala. Dothi la m'nkhalango limagwira ntchito imeneyi bwino kuposa firiji. Ngakhale zonse zitayenda, kuchokera pa njere mpaka pa mutu woti n'kukolola pamapita zaka 5 mpaka 7. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kufunika kwa chisanu chotalikachi ndiko kumachititsanso kuti kutumiza njerezi kwa abale ku Malawi kapena ku Zambia kukhale kutaya ndalama. Kuzizira kwa mu Juni ku Dedza si chisanu chimene ramps amafuna.

Mwadzala mitu koma sinaphuke

Fukulani mutu umodzi muuone kunsi. Pamene pamachokera mizu pali kachitsa kolimba, ndipo moyo wonse wa mbewuyi uli pamenepo. Ramps ambiri a pamsika amakhala atadulidwa kachitsako kuti aoneke oyera. Otero ndi ndiwo basi, si mbewu.

Kachitsa kakakhalapo koma mutu wafewa, ukununkha chivundi, ndiye kuti pamalopo pamadikha madzi. Ramps amakonda chinyontho chaka chonse koma sapirira lowe. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi. Akakhalabe mmenemo mpaka mawa lake, sunthirani mbewu kumtunda pang'ono. Mutu ukakhala wokwinyika, wopepuka, ndiye kuti unauma, kaya usanadzalidwe kaya uli m'dothi. Mitu yogula idzalidwe tsiku lomwe yafika. Zikakanika, ikulungeni m'pepala lonyowa n'kuika mufiriji kwa masiku ochepa okha.

Kuya kwake ndi masentimita 7 kapena 8, mizu yonse italoza pansi, nsonga itangosuzumira pamwamba pa dothi, kenako masamba ouma pamwamba. Pakati pa mutu ndi unzake siyani masentimita 10 mpaka 15. Nthawi yabwino ndi Febuluwale kapena Marichi masamba asanatuluke, kapena mu Seputembala ndi Okutobala mbewu itagona. Kuokera ali ndi masamba kumatheka, koma masambawo amagwa pansi tsiku lomwelo ndipo chaka chotsatira mbewu imatuluka yonyentchera. Musafulumire kuitaya: ipatseni zaka ziwiri kapena zitatu musanadulepo kanthu.

Mukapeza timauna ndi tinjira pansi pa masamba, mitu itasowa yonse, ndi mbewa za kumeneko zotchedwa vole. Kudzala m'kadengu ka waya wa maso ang'onoang'ono kokwiriridwa pansi kumathandiza.

Masamba asanduka achikasu kapena ali ndi madontho

Onani tsiku kaye, kenako yang'anani kumwamba. Ngati mitengo yavala masamba ndipo ramps onse akufota pamodzi, palibe vuto. Musathire feteleza, musawonjezere madzi, musadule masambawo. Asiyeni aume okha kuti chakudya chotsala chitsikire m'mutu.

Vuto lilipo akafota masabata awiri kapena atatu okha chitulukireni, mitengo ikadali mbee. Nthawi zambiri pamenepo pawomba dzuwa lambiri ndipo dothi lauma. Kumbukirani kuti ku North America dzuwa limadutsa chakumwera, choncho malo otsetsereka oyang'ana kumpoto kapena kum'mawa ndiwo ozizira ndi achinyontho. Amene anakulira kum'mwera kwa Africa amasokonezeka apa, chifukwa kwathu m'miyezi yozizira mbali ya kumpoto ndiyo imaothera dzuwa. Lowetsani chala m'dothi pansi pa masamba ouma; chikatuluka chopanda chinyezi, thirirani mokwanira kamodzi pa sabata, ndipo musaleke masamba akatha, chifukwa mizu imagwirabe ntchito pansi.

Timadontho tozungulira totuwa ndi matenda a Septoria. Amaipitsa maonekedwe, koma akabwera kumapeto kwa nyengo si oti n'kudera nawo nkhawa kwambiri. Chotsani masamba ogwidwa kwambiri mukawataye kutali, ndipo pothirira musanyowetse masamba.

Choyenera kuchiopa ndi timadontho toyera tondondozana pamzere umodzi, ngati wina wabaya tsamba ndi singano. Imeneyi ndi kantchentche kotchedwa allium leafminer, kamene kanapezeka koyamba ku America mu 2015 ku Lancaster County, ku Pennsylvania, ndipo kafalikira m'madera oyandikana nawo. Mphutsi zake zimayenda m'kati mwa tsamba kutsikira kumutu, n'kutsegulira njira zowoletsa. Kantchentcheka kamauluka kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka mu Meyi, nthawi yeniyeni ya ramps. Pamunda waung'ono, phimbani ndi neti ya maso ang'onoang'ono masamba akangotuluka, m'mphepete mutakwirira ndi dothi. Chakumpoto, ku Ontario, Quebec ndi New York, kulinso kagulugufe ka leek moth, kamene mbozi zake zimadya tsamba n'kusiya kachikopa koonekera ngati galasi. Tizirombo tiwiri tonseti timakonda anyezi, adyo ndi maliki, choncho musaike munda wa ramps pafupi ndi dimba la mbewu zimenezi. Mabowo osalongosoka okhala ndi mamina onyezimira ndi nkhono zopanda chigoba. Zitoleni usiku ndi tochi.

Akumera chaka chilichonse koma sakukula, sakuchulukana

Yang'anani mitengo. Ramps amachita bwino pansi pa mitengo yoyoyola masamba: sugar maple, beech, basswood, birch, tulip poplar, buckeye. Pansi pa mitengo yosayoyola masamba ngati paini kapena hemlock pali mthunzi chaka chonse, ndipo dzuwa la mu Epulo limene mbewuyi imadalira silifika. Pakhoma la nyumba loyang'ana kumpoto pali vuto lomwelo. Mukaona zomera zakutchire za trillium, bloodroot, mayapple kapena blue cohosh zikumera zokha, malowo ndi oyenera.

Dothi likhale lakuda, lofewa, la masamba owolerana, ndipo likhale ndi kashiamu wokwanira. Tumizani dothi kwa alangizi a zaulimi a Cooperative Extension a m'dera lanu kuti aliyeze. Kashiamu akachepa, ufa wa mwala wotchedwa gypsum ndiwo wabwino kuposa laimu, chifukwa umawonjezera kashiamu osasintha kwambiri pH, muyeso wa asidi wa m'dothi. Muyeso wa gypsum woti muthire mutenge pa zotsatira za kuyezako. Feteleza wa chimanga musayese n'komwe. Amakuza udzu ndi zitsamba zolimbana ndi ramps, osati ramps.

Pali mdani wina amene anthu sachedwa kumuyamikira poyamba: nyongolotsi. Zamtundu wa Amynthas, zimene kumeneko amati jumping worms, zimadya masamba onse ophimba pansi m'nyengo imodzi. Chizindikiro chake ndi dothi lambee, lambulumbulu ngati khofi wogaya, mitu ya ramps itatsala pamtunda. Kuti mutsimikize, sungunulani pafupifupi magalamu 40 a ufa wa mpiru wachikasu m'malita 4 a madzi, thirani pang'onopang'ono pamalo amodzi m'miyezi yotentha; zikakhalapo zimatuluka zikuphiriphitha ngati njoka. Kuzithetseratu n'kovuta. Chimene mungachite ndi kuwonjezera masamba ouma kawiri pachaka, kutsuka mizu ya mbewu iliyonse yogula musanaidzale, ndi kuchotsa matope kunsapato pochoka m'nkhalango ina kupita ina, chifukwa mazira ake amayenda m'matopemo.

Chitsamba cha garlic mustard, chimene chimalanda malo a ramps, chizulidwe chisanabale njere.

Nthawi zina vuto ndi kuthithikana. Mutu wokhwima umagawikana n'kupanga phata, ndipo phata likadzaza mitu imachepa. Likumbeni masamba akayamba kufota, lekanitsani mitu ndi manja, idzaleni motalikirana tsiku lomwelo.

Malo akutchire akuchepa chaka ndi chaka

Apa palibe matenda. Ndi khasu. Mukazula mutu ndi mizu yake mwachotsa mbewu imene yatenga zaka zisanu kapena kuposa kuti ifike pamenepo, ndipo simudziwa kuti dzulo panadutsa anthu angati. Zimene zachitikira chikanda ku Zambia ndi ku Nyika ndi zomwezi: chakudya chili pansi, ndipo kuchikolola n'kupha mbewu.

Kafukufuku amene anachitika ku Great Smoky Mountains National Park anaonetsa kuti malo okumbidwa amachedwa kwambiri kubwerera, moti muyeso wosawononga ndi pafupifupi 10 peresenti ya mbewu kamodzi pa zaka 10. Pakiyo inaletsa kukumba ramps mu 2002. Ku Quebec anawaika m'gulu la zomera zotetezedwa mu 1995: kugulitsa n'koletsedwa, ndipo munthu amaloledwa mitu yosapitirira 50, kapena magalamu 200, pa chaka. Ku Monongahela National Forest ku West Virginia amalola kukolola zodya pakhomo koma osati zogulitsa. Malamulo amasiyana malo ndi malo, choncho funsani ku ofesi ya nkhalangoyo, ndipo pamalo a munthu pemphani kaye mwini wake.

Njira yosapha mbewu ndi kutenga tsamba lokha. Dulani ndi mpeni kapena sizasi tsamba limodzi pa mbewu ya masamba awiri kapena atatu. Ya tsamba limodzi isiyeni. Musasolole ndi dzanja, mutu umazuka. Musadule pambewu zomwezo chaka chilichonse: gawani malowo m'zigawo zingapo muzizungulira. Ndipo dikirani masamba akule mokwanira. Kumayambiriro kwa nyengo mutu umakhala wowonda chifukwa wapereka chakudya chake ku masamba atsopano. Wokolola nthawi imeneyo amapha mbewu zambiri kuti adzaze kilogalamu imodzi.

Ngati mukufunadi mutu, a Cherokee, mtundu wa eni nthaka a kumapiri a Appalachia, ali ndi njira yawo yakale: fukulani dothi pambali ndi chala, lowetsani mpeni wakuthwa, dulani mutu chapansi n'kusiya kachitsa ndi mizu m'dothi, kenako kwirirani. Si zonse zimene zimaphukanso, koma n'kwabwino kuposa kuzula. Tengani pakati pa phata lothithikana, osati m'mphepete mmene mbewu ikufalikira. Mu Seputembala bwereraninso, pululani njere zakupsa, muzikwirire pansi pa masamba mamita angapo kuchokera paphatapo. Pobwera kunyumba fufuzani nkhupakupa m'miyendo, m'khwapa ndi m'mutu, chifukwa za kumeneko zimafalitsa matenda a Lyme.

Simukutsimikiza kuti mwathyolazo ndi ramps

Musadye. Chaka ndi chaka anthu amagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chomera chapoizoni chotchedwa false hellebore, Veratrum viride, chimene chimatuluka nthawi yomweyo, nthawi zina pakati pa ramps penipeni m'mbali mwa timitsinje. Tsamba la ramps ndi losalala, lofewa, lili ndi msempha umodzi pakati, ndipo masamba ake awiri kapena atatu amachokera pansi pa kaphesi kofiirira kapena koyera. La hellebore lili ndi mizere yozama ngati siketi ya mapuliti, ndipo masamba ake amakulunga tsinde lonenepa mozungulira, kukwera m'mwamba. Winanso ndi lily of the valley, wopezeka kwambiri pamabwinja ndi pafupi ndi nyumba: masamba ake ndi olimbirapo, ndipo pansi alibe mutu koma mizu yoyanga.

Fungo ndi umboni wabwino, koma lili ndi msampha. Mukathyola ramps khumi, zala zanu zimanunkha adyo, ndipo chilichonse chimene mwagwira chimanunkha chimodzimodzi. Choncho tsamba lililonse liyang'anidwe ndi maso, limodzilimodzi, pothyola ndiponso potsuka. Kumweta ndi dzanja lodzaza ngati mukumweta udzu wa mbuzi ndiko kumalowetsa chiphe m'dengu.

Kuphika sikuchotsa poizoni wa zomera zimenezi. Zizindikiro za hellebore zimayamba pakati pa mphindi 30 ndi maola 4: nseru, kusanza kwambiri, chizungulire, mtima kugunda pang'onopang'ono, BP kutsika. Ku United States imbani 911, kapena ofesi yothandiza odya poizoni ya Poison Control pa 1-800-222-1222, osadikira kuti muone ngati zisintha. Musadzisanzitse. Tengani masamba otsala kapena chithunzi chake popita kuchipatala, ndipo onse amene adya nawo apite.

Amene muli ku Britain, adyo wakutchire wa m'nkhalango za kumeneko ndi mbale wake wa ramps, Allium ursinum. Iye amasokonezedwa ndi lily of the valley yemweyo, ndi timasamba tanthete ta lords-and-ladies timene timawotcha m'kamwa, komanso ndi autumn crocus, amene amapha. Kumeneko lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo.

Zafota kapena zawonongeka mutafika nazo kunyumba

Masamba a ramps sachedwa kulefuka. Akulungeni osatsuka m'pepala lonyowa pang'ono, ikani m'chidebe chotseka bwino mufiriji, apo ayi mkaka ndi batala zidzanunkha adyo. Amakhala masiku atatu kapena asanu. Olefuka amadzuka mukawaviika m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi khumi. Potsuka mitu, sendani kachikopa koterera ka kunja, ndi mmene mumabisala dothi.

Ofuna kusunga nthawi yaitali awaviike m'madzi owira kwa masekondi 30, kenako m'madzi a ayezi, afinye, aike mufiriza. Mukaika osawiritsa amada n'kusanduka phala. M'ndiwo aikeni kumapeto, moto uli pafupi kuzimitsidwa, chifukwa akapsa kwambiri fungo limathawa. Ku West Virginia amangowakazinga ndi mbatata ya kachewere ndi mazira.

Cholakwika choopsa ndi kuika ramps m'botolo la mafuta ophikira n'kulisiya pashelefu. Mbewu yochokera m'dothi imatha kukhala ndi tizilombo ta Clostridium botulinum, ndipo m'mafuta mopanda mpweya ndi momwe timapangira poizoni wake, amene sanunkha ndiponso sasintha kakomedwe. Zosakaniza ndi mafuta zikhale mufiriji ndipo zidyedwe pasanathe masiku 4, zotsala ziikidwe mufiriza. Mitu yoti ikhalitse iikeni m'viniga wa 5 peresenti wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, osapitirira pamenepo ndi madzi, ndipo botololo lizikhala mufiriji.